Boti la gulu limamira lili comangirira padoko

Caka ciliconse pa 1 Disembala boma limatseka usodzi m'madera monga Kafue, Lukanga, Bangweulu ndi Mweru, ndipo silitsegula mpaka kutha kwa Febuluwale. Miyezi itatu imeneyi ndiyo ya mvula yamphamvu, ndiyonso imene mlimi aliyense amakhala kumunda, kupalira ndi kuthira feteleza. Maboti amamangiriridwa padoko, eni ake apita kumtunda ndi makasu, ndipo ambiri mwa ife timakhulupirira kuti boti limene silikuyenda silingaone ngozi. Ife tikuti cikhulupiriro cimeneci ncolakwika, ndipo cimatayitsa cuma cimene akhristu ndi alimi anasonkha movutika. Tikamba makamaka za maboti a gulu: la parishi lotengera bambo mfumu ku nthambi za kutsidya, la kopaletivu lowolotsa matumba, la cipatala lonyamula odwala.

Tiyambe ndi anzathu a m'maiko ozizira, cifukwa iwo vuto limeneli analiphunzira kalekale ndipo makampani ao a inshuwalansi analiwerengera ndi ndalama. Ku Sweden, ku Finland, ku Canada ndi kumpoto kwa America, cisanu cikafika madoko a nyanja ya Baltic ndi a nyanja zikuluzikulu monga Superior ndi Michigan amaundana pamwamba, madzi kuuma gwa ngati mwala. Mwini boti kumeneko ali ndi njira ziwiri. Angalinyamule ndi makina ndi kuliika pa zitsulo kumtunda mpaka kufunde, kapena angalisiye m'madzi momwemo. Boti la mamita 12 kapena 15 kulitulutsa ndi ndalama zambiri, conco ena amasankha kulisiya, makamaka m'madera amene madzi saundana kwambiri. Koma amene walisiya amadziwa kuti sanapume ai. Watenga nchito ya miyezi inai kapena isanu, ndipo nchitoyo iyamba cisanu cisanafike.

Mdani woyamba kumeneko ndi madzi otsalira m'kati mwa boti. Madzi akaundana amafufuma, malita 10 amasanduka pafupifupi malita 11, ndipo ngati ali mu paipi, mu pampu kapena m'mimba mwa injini amang'amba ngakhale citsulo. Coipa ncakuti mng'aluwo suoneka tsiku lomwelo, pakuti madzi oundana omwe anaung'amba ndiwo autseka. Tsiku limene kwafunda asungunuka, ndipo madzi a m'nyanja apeza njira. Tizikumbukira kuti boti lalikulu lili ndi mabowo angapo pansi pake obooledwa dala: lolowetsa madzi oziziritsa injini, la cimbudzi, la posambira, ndi pamene pamatulukira citsulo cozunguza pulopela. Bowo lililonse lili ndi vavu ndi paipi ya labala yomangidwa ndi kacitsulo. Paipi imodzi ikaphulika vavu yake ili yotsegula, boti lonse lapita. Ndiye cifukwa cake mwini wake amatseka mavavu onse a pansi, amakhetsa madzi m'matanki, ndi kuthira mankhwala oletsa kuundana ochedwa propylene glycol mu injini ndi m'mapaipi onse mpaka atatulukira kumapeto.

Mdani waciwiri amacokera kumwamba. Cipale cofewa cimagwa usiku wonse ndi kuunjikana pa boti, ndipo cikanyowa cimalemera matani. Boti limatsika pang'onopang'ono mpaka mabowo a m'mbali, amene masiku onse amakhala pamwamba pa madzi, alowa pansi. Mabowo otulutsira madzi a mvula, amene okhawo satsekedwa, amatsekeka ndi masamba ndi madzi oundana, ndipo madzi osowa kolowera amasefukira m'kati. Ena amaika kacipangizo kozunguza madzi pansi pa boti kuti kazikweza madzi ofundirapo a pansi, kuopa kuti madzi oundana angafinye thupi la boti. Ena amasiya hita m'cipinda ca injini. Zonsezi zimadalira magetsi a padoko, ndipo magetsi amazima pa tsiku la mphepo yamkuntho, tsiku lomwelo limene afunika koposa. Ife a mu Zambia amene tinaona mdima wa 2024 sitifunika kuuzidwa za kukhulupirika kwa magetsi. Motero alangizi a kumeneko amabwereza cinthu cimodzi: mwini boti azipita yekha kukaliona kawirikawiri, ndipo mvula kapena cipale cikagwa kwambiri asadikire tsiku lina.

Bungwe la eni maboti ku America lochedwa BoatUS, limene limagulitsanso inshuwalansi, lawerenga kangapo madandaulo a anthu amene maboti ao anamira. Nthawi zonse lapeza kuti ambiri anamira ali comangirira, pafupifupi awiri pa atatu alionse kapena kuposerapo, popanda munthu m'kati, popanda mwala wogunda. Linapezanso cina cimene ife tifunika kucimvetsera bwino. Madandaulo ambiri a injini zong'ambika ndi cisanu amacokera m'madera ofunda a dzikolo, kumene cisanu coopsa cimabwera mwa apo ndi apo. Anthu a kozizira kwambiri amakonzekera cifukwa amadziwa kuti cibwera. Anthu a kofunda amati kuno sikuzizira, ndipo usiku umodzi uwaonetsa.

Kwathu kuno madzi saundana, ndipo palibe wa ife amene afunika kugula propylene glycol. Koma nafenso tili ndi nyengo imene boti limakhala miyezi lili lokha m'madzi, ndipo kukonzekera kwathu kuli ngati kwa anthu a kofunda aja. Cifukwa cake sicovuta kucipeza. Nzeru zathu za pamadzi tinaziphunzira pa bwato losema la mtengo umodzi. Bwato lotero likadzala madzi a mvula palibe cataika. Mwini wake abwera ndi cikho, akapa, akwera, apalasa. Asodzi ena amalimiza dala m'madzi osaya kuti dzuwa lisaling'ambe. Ndi nzeru yabwino ya makolo, ndipo pa bwato losema ikali kugwira nchito. Koma tayitenga nzeru yomweyo ndi kuiika pa boti la faiba kapena la citsulo lokhala ndi injini, batire, mawaya ndi tanki ya mafuta. Boti limeneli likagona pansi pa madzi usiku umodzi, ndalama zokonzera injini yokha zingapose zimene nthambi yonse ya parishi imasonkha pa caka.

Tiyeni tiwerengere m'matumba, pakuti alimi amamva bwino matumba. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imasiya lita imodzi ya madzi, ndipo lita imodzi imalemera kilo imodzi. Banana boti ya mamita 7 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi ili ndi kamwa la pafupifupi masikweya mita 9. Mvula ya mamilimita 50, imene mu Januwale ingagwe madzulo amodzi, ithira m'botimo malita 450. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 9 a cimanga a makilo 50. Masiku atatu a mvula yotero ndi matumba 27, ndipo palibe woyendetsa wanzeru amene angalole matumba 27 kuikidwa mbali imodzi ya banana boti. Boti lalikulu la mamita 12 m'litali ndi 3 m'lifupi, ngati lilibe denga, limalandira madzi olemera matumba 30 pa mvula imodzi yomweyo. Dera monga Chipata limalandira mvula ya pafupifupi mamilimita 1,000 pa caka, ndipo kumpoto ku Luapula imaposa pamenepo. Aliyense awerengere yekha kuti boti losakapidwa lingafike mlungu wacingati wa Disembala.

Tanena kuti mbali imodzi cifukwa madzi m'boti sakhala pakati. Amathamangira kumene kwalemera, ndipo kumene kwalemera ndi kumbuyo kumene kuli injini. Kumbuyo komweko ndiko kuli thabwa lofupikirapo lopacikapo injiniyo. Madzi akaculuka kumbuyo kumatsika, kukatsika madzi enanso athamangirako, mpaka kafunde kakang'ono ka boti lina lodutsa kalumpha thabwa lija. Kucokera pamenepo ndi mphindi zowerengeka cabe. Palinso kabowo kokhetsera madzi kamene kamatsekedwa ndi kacitsekero ka labala. Labala imauma ndi dzuwa, ndipo tonse taonapo madoko kumene m'malo mwa citsekero anasomekapo kamtengo kokulunga ndi pulasitiki. Bowo la masentimita awiri ndi theka, lokwana cala cacikulu, likakhala theka la mita pansi pa madzi limalowetsa malita pafupifupi 50 pa mphindi imodzi. Pa ola limodzi ndi madiramu 15 a malita 200. Mlonda amene wapita kukadya nsima angabwerere kudzapeza cingwe cokha.

Cingweco naconso cimamiza maboti, ndipo apa ndi pamene mitsinje yathu ili yoopsa kuposa madoko a ku Ulaya. Luangwa mu Okutobala ndi mcenga ndi timadzi toyenda pakati. Mvula ikagwa kumapiri mtsinje umakwera usiku umodzi ngakhale kumene kunalibe mtambo, ndipo umabwera ndi mitengo yozulidwa. Boti limene lamangidwa ndi cingwe cacifupi pa cikhomo ca pansi silingakwere pamodzi ndi madzi. Cingwe cimakokera mphuno yake pansi mpaka madzi alowa. Ngati lamangidwa copingasa, mtengo woyandama umakola pa cingwe, zinyalala ziunjikana, ndipo mphamvu ya madzi iligudubuza. Anthu a ku Luangwa boma, pamene Luangwa akumana ndi Zambezi ndipo maboti amawolokera ku Zumbo ndi ku Kanyemba, amazidziwa izi kuposa ife olemba. Madzi akamaphwa vuto limatembenuka. Pa cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, nyanja ya Kariba inatsika kwambiri. Pansi pa Kariba pali zitsa za mitengo imene inamizidwa pomanga damu, ndipo boti lolemera likakhala pa citsa madzi akutsika limabooka kapena kupendeka, kenako madzi akabwerera amalowa pamwamba boti lisanayandame. Cingwe cimene cinali bwino pa 1 Disembala cifunika kumasulidwa ndi kumangidwanso kambirimbiri Febuluwale asanathe.

Ena adzati boti lathu lili ndi pampu yodziyatsa yokha. Pampu imeneyo imadya batire, ndipo batire ya boti losayenda palibe coidzaza. Ikatha mphamvu pampu imakhala cete ndipo siuza munthu. Kasiwichi kake koyandama kamakodwa ndi udzu, mamba a nsomba ndi mapepala a masiwiti. Ndiponso pampu imabisa matenda, cifukwa boti lodontha limaoneka louma masiku onse mpaka tsiku limene batire yafa. Sola yaing'ono imathandiza, koma mlungu wa mvumbi sola nayo imagona. Ena adzati tinaphimba ndi tenti. Tenti ndi yabwino ngati yaikidwa pa mtanda wokwera kuti madzi azitsetserekera kunja. Ikangoyalidwa pamwamba imapanga dziwe, dziwelo lilemera, tenti ing'ambika kapena kugwera m'kati ndi madzi ake onse nthawi imodzi.

Pali sitima imodzi imene anthu a ku Mpulungu amaidziwa bwino, ndipo mbiri yake ili ndi mbali zonse ziwiri za nkhani yathu. MV Liemba, imene kwa zaka zambiri inali kuyenda pa nyanja ya Tanganyika pakati pa Kigoma ndi Mpulungu, inapangidwa mu 1913 ku Papenburg m'dziko la Germany, ndipo dzina lake loyamba linali Graf von Goetzen. Inabwera m'mabokosi pa sitima mpaka Dar es Salaam, pa njanji mpaka Kigoma, ndipo inaikidwa pamadzi mu 1915. Mu Julai 1916, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Ajeremani pothawa ku Kigoma anaimiza dala kuti adani asaitenge. Mbiri imene imakambidwa imati amisiri ake asanaimize anapaka mafuta a girisi ambiri pa mainjini, poyembekezera kuti tsiku lina idzavuulidwa.

Abelijiyamu anaivuula ndi kuikokera ku Kigoma, koma mu 1920 namondwe anaipeza pomwe inaima ndipo inamiranso. Angerezi anaivuulanso mu 1924, anapeza kuti makina ake akali otheka kugwira nchito, ndipo mu 1927 inayamba maulendo ndi dzina la Liemba. Sitima ya mamita pafupifupi 70 imene inakhala zaka pansi pa nyanja inadzanyamula anthu, nsomba ndi katundu kwa mibadwo. Kumira koyamba kunali kokonzekera ndipo sitima inapulumuka. Kumira kwaciwiri kunaipeza ili padoko m'manja mwa anthu amene anali ataivuula kale, ndipo kunadya zaka zina zinai ndi ndalama za boma lina.

Tsopano tibwere pa parishi. Tsiku lolandira boti tonse timakhalapo. Bambo mfumu awaza madzi odalitsidwa, kwaya iimba, amai a bungwe aphika, wapampando ayamika opereka mphatso. Pa mwambo wonsewo sitinamvepo munthu akuimirira kufunsa kuti kodi mvula ikagwa pakati pa usiku adzakapa ndani. Funso limeneli limaoneka laling'ono pa tsiku lacisangalalo, ndipo wolifunsa angaoneke ngati wofuna kuononga phwando. Conco boti limakhala la onse. Woyendetsa amati nchito yake ndi kuyendetsa, ndipo pakuti amalipidwa pa ulendo, mwezi wopanda ulendo alibe cifukwa copitira kudoko. Akatekisiti amati ndi nkhani ya khonsolo. Khonsolo imakumana kamodzi pa mwezi. Msungicuma sangatulutse ndalama ya citsekero ca labala popanda siginecha ziwiri, ndipo mwini siginecha yaciwiri ali kumunda wa kutali. Mu kopaletivu zinthu zili cimodzimodzi, kungosintha maina a maudindo. Palibe woipa mtima pakati pa anthu onsewa. Ng'ombe ya mwini imagona m'khola tsiku lililonse cifukwa pali munthu mmodzi amene tulo sitibwera ikasowa, ndipo boti la gulu lilibe munthu wotero.

Maganizo athu ndi akuti boti lililonse limene silidzayenda m'miyezi ya mvula lituluke m'madzi Novembala asanathe. Banana boti siifuna makina. Amuna 20 a mphakati, mitengo yozungulira yogudubuzirapo ndi ng'ombe ziwiri za pagoli angaikokere kumtunda m'mawa umodzi. Iikidwe kupitirira pamene cigumula cinafika zaka za madzi ambiri, ndipo pamenepo afunsidwe ndi akuluakulu a pamudzi, amene amakumbukira mtengo umene madzi anafikapo. Ivundikiridwe pa mitengo, kapena ngati ikhala cagada citsekero cicotsedwe ndi mphuno ikwezedwe kuti madzi azituluka okha. Injini icotsedwe, mafuta a mu kabuleta akhetsedwe pakuti petulo wokhalitsa amasanduka utomoni, ndipo isungidwe coimirira m'nyumba yokhoma ku parishi. Potero nkhawa ya akuba nayo yatha.

Tikudziwa kuti si maboti onse angatuluke. Boti la matabwa likakhala kumtunda padzuwa matabwa amauma ndi kutseguka m'mizere, ciswe naco cimaliyendera, ndipo eni ake sakulakwa pofuna kulisunga m'madzi. Pantoni ndi boti lalikulu la citsulo sizikokedwa ndi ng'ombe. Koposa zonse, kuli madera kumene miyezi ya mvula ndiyo imene boti lifunika kwambiri, cifukwa misewu yadulidwa ndipo mai wodwala pakati alibe njira ina yofikira ku cipatala. Boti lotero liyenera kukhala pamadzi, lili ndi mafuta, lokonzeka kuyenda usiku. Pamenepa ndi pamene tifunika kucita monga anzathu a kozizira amene asankha kulisiya m'madzi: kuvomereza kuti tatenga nchito ya tsiku ndi tsiku, ndi kuipatsa munthu.

Munthuyo akhale mmodzi, wochulidwa dzina m'chalichi pa zolengeza kapena pa msonkhano wa kopaletivu, wokhala pafupi ndi doko kuti mvula ikagunda pa denga lake azidziwa kuti yagundanso m'boti. Akhale ndi womuthandiza wodziwika pa masiku a maliro ndi matenda. Ndipo alipidwe. Apa tikudziwa kuti ena m'khonsolo adzanyinyirika kuti nchito ya Mulungu siilipidwa. Koma timalipira mlonda wa nyumba ya ansembe, timalipira wogaya pa cigayo ca parishi, ndipo sitinamvepo kuti ndi chimo. Munthu amene adzadzuka mdima ulipo kupita kudoko kumene kuli ng'ona ndi mvuu, kusiya munda wake m'mawa wa kupalira, ayenera kulandira kanthu. Thumba limodzi kapena awiri a cimanga ca masika pa mwezi si mtengo waukulu poyerekeza ndi injini. Apatsidwe cidebe, tochi, citsekero capadera, cingwe cabwino ndi ndalama pang'ono za m'manja zimene safunika kupempha ndi kalata. Apatsidwenso kabuku ka sukulu kolembamo tsiku limene wabwera ndi zidebe zimene wakapa. Kabuku kameneka kali ndi phindu lina: ngati zidebe zikuculuka pa masiku opanda mvula, ndiye kuti madzi akulowera pansi, ndipo khonsolo idziwa boti lisanamire. Mzere wa penti pa thupi la boti, pamene madzi amalekezera likakhala lopanda kanthu, umathandiza kuti ngakhale mai wodzatunga madzi aone ali pamtunda kuti boti latsika ndi kukauza woyang'anira.

Pa boti lalikulu lokhala ndi injini ya m'kati, woyang'anirayo aphunzitsidwe kumene kuli mavavu onse a pansi ndi kuwatseka nthawi iliyonse boti likaima. Vavu imene yakana kutembenuka ndi dzimbiri ikonzedwe mu Okutobala. Paipi ya labala imene yauma kapena kufufuma isinthidwe, ndipo iliyonse ya pansi pa madzi imangidwe ndi tizitsulo tiwiri. Pafupi ndi bowo lililonse pamangiriridwe kamtengo kosongola kokwana bowolo, kuti paipi ikaduka munthu angokhomerapo. Nzeru imeneyi amalinyero a ku Ulaya amaigwiritsa nchito mpaka lero, ndipo kuno mtengo wake ndi mpeni cabe.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Kuyambira mu 2022 pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, madera a m'mbali mwa madzi apeza mpata wogula zinthu zikuluzikulu monga maboti. Ife tipempha makomiti a CDF ndi makhonsolo kuti pempho lililonse la boti lizionetsa dzina la udindo umene udzaliyang'anira, malo amene lidzasungidwa m'dzinja, ndi kumene ndalama zolisamalira zidzacokera caka ndi caka. Pempho lopanda zimenezi libwezedwe kuti likalembedwenso. Mabungwe a kunja ndi madayosizi amene amapereka maboti kwa maparishi acitenso cimodzimodzi. Lamulo la Inland Waters Shipping Act limafuna kuti maboti azilembetsedwa ndi kupimidwa, ndipo nchitoyi ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamadzi. Opima ake ndi ocepa poyerekeza ndi madoko a dziko lino, koma akafika padoko asamangowerenga majekete oyandamitsa. Afunsenso kuti boti ili limagona bwanji ndipo amaliona ndani.

Tisaiwale kuti doko limene boti limamira ndi lomwelo limene amai amatungapo madzi, kutsuka mbale ndi kumwetsa ng'ombe. Petulo, dizilo, oilo ndi asidi wa batire zimatuluka m'boti lomira ndi kuyandama pomwepo. Ngati tsoka lacitika ndithu, injini isavuulidwe ndi kusiyidwa padzuwa kudikira msonkhano wa khonsolo. Dzimbiri limayamba msanga injini ikangokumana ndi mpweya. Makanika aitanidwe coyamba, ndipo ngati acedwa ndi bwino kuisunga m'diramu la madzi oyera kufikira atafika, kuti aitsuke, acotse mapulagi, asinthe mafuta ndi kuiliza tsiku lomwelo.

Ngozi yomaliza imabwera mu Malichi, usodzi ukatsegulidwa ndi maulendo akayambanso. Boti limene lakhala miyezi itatu likudzala ndi kukapidwa mwa apo ndi apo silili monga linalili mu Novembala. Matabwa a pansi afewa, thabwa lopacikapo injini lamwa madzi m'kati, zipinda zotseka zimene zimaliyandamitsa mwina zadzala madzi osaoneka, ndipo boti limakhala lolemera lisananyamule munthu. Nthawi yomweyo mtsinje ukali wodzala, ndipo Pasaka ali pafupi, kwaya ndi a katekumeni onse afuna kuwoloka ulendo umodzi. Ulendo woyamba wa caka ukhale wa anthu awiri kapena atatu odziwa kusambira, ovala majekete, pafupi ndi gombe, kwa ola lathunthu, ndipo akabwerera aone kuti m'boti mwalowa madzi oculuka bwanji. Makhonsolo a maparishi ndi makomiti a makopaletivu amene akumana mu Okutobala ndi Novembala aike boti pa mndandanda wa zokambirana pamodzi ndi feteleza ndi mbewu, ndipo mlembi alembe m'buku dzina la amene wasankhidwa ndi malipiro ake.